Pepala Losanyezimira

Lolemba, 7 Okutobala

Makina aja otsukira zithunzi afika. Chimakina chachitali ngati bedi, mpaka tachita kuzula chitseko cha situdiyo kuti chilowe. Akabaza a pa depoti kusiya makasitomala, kudzasuzumira pawindo. Wina ati ndi chigayo cha zithunzi.

Amuna anga a Phillip sananyamule nawo. Angoima poteropo, dzanja m'chiuno, kuloza ndi chala. Munthu amene kale ankakankha anzake n'kusenza jenereta yekha. Ubwana wayamba msanga.

Zaka zonsezi takhala pa tizithunzi ta pa chiphaso ndi ta ana a sukulu. Tsopano ati zikuluzikulu zaukwati zizitsukidwa pompano pa boma, anthu asamavutike ndi ulendo wa ku Lilongwe. Zabwino. Koma m'chimakinamo mwalowa ng'ombe zanga za ku Mkanda zimene anandisiyira mayi, ndiye pakamwa ndili napo.

Pepala silinabwere nawo. Kampukutu koyesera basi. Ati labwino lili ku Chipata, akaliona okha mkuja. Chiyambire Seputembala boda akungoidumpha ngati ngalande ya kuseri kwa nyumba. Pepala lake lotani losapezeka m'Malawi muno?

Ndikungoona.

Lachitatu, 9 Okutobala

Apita m'mawa, abwera dzuwa litapendeka. Atavala suti ya buluu ija. Kukaona pepala mpaka suti?

Abweretsa tizidutswa ta mitundu itatu. Kuyala pa kauntala n'kundiitana, ati "Amayi a Mwayi, tabwerani mudzagwire." Ine? Chikwatirane sanandilolepo ngakhale kupukuta kamera. Yanga ntchito ndi kulandira anthu, kupesa ana, kudula tizithunzi ndi sizasi.

Loyamba lonyezimira, loterera, ati gilosi. Mitundu imawala zedi, koma ukangogwira chala chimatsala pomwepo, ndipo nthawi ya mvula limamatirira ku galasi la fulemu. Lachiwiri losanyezimira, ati mati, lokhakhala pang'ono ngati chigoba cha dzira. Lachitatu lapakati, ati satini. Ine ndati akwati amafuna zowala, tigule gilosi nkhani ithe. Iwo ayi, tisathamange, pepala ndi nkhope ya munthu.

Mpukutu sanagule. Ndiye kuti ulendo wina ulipo. Ndadziwa ine.

Chakudya angotolatola. Nkhwani wotendera, amene masiku onse amachita kunyambita mbale. Ati kutentha. Munthu akakhuta kwina amanamizira dzuwa.

Malaya akununkha kasopo kachilendo. Si ka m'nyumba muno.

Loweruka, 12 Okutobala

Maliro a a Dickson, mkulu wa mpingo uja, kwa Mlonyeni. Dzuwa lake losati masewera. Amayi tinakhala pansi pa mtengo wa mango wopanda mthunzi weniweni, fumbi mpaka m'mano.

Ana awo anatsukitsa chithunzi chachikulu ku Lilongwe, cha gilosi, m'galasi. Anachiika pa bokosi, kenako mdzukulu wawo wamkazi anachinyamula kutsogolo popita kumanda. Ungaone nkhope? Dzuwa lokhalokha, kuthobwa m'maso. Amayi ena pafupi nane kuchita kupendeketsa mutu kuti awaone a Dickson komaliza, osatheka.

A Phillip ndinawaona kumbali ya abambo. Maso ali pa chithunzicho, osaphethira, anzawo akuimba iwo duu. Pobwerera mu lole anandinong'oneza kuti, "Mwaona? Munthu wapita kumanda wopanda nkhope." Ndati pamaliro pomwe mukuganiza za bizinesi, manyazi mulibe? Angomwetulira.

Pokwera lole anachita kuwakoka. Lamba abooletsanso bowo lina, ndaona pochapa thalauza. Mwamuna wa zaka zake akayamba kusamala mimba, pali amene wamuuza kuti yakula. Ine sindinadandaulepo za mimba imeneyo.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Mwayi waimba kuchokera ku sukulu pa foni ya amatironi, ati mayeso a teremu ayandikira, ndimutumizire sopo ndi chiponde. Mwana wanga. Bambo ake anayankhula naye nthawi yaitali, anatulukira nayo panja foniyo.

Andipatsa chitenje cha ku Zambia, chamaluwa achikasu. Chokongola, ndisaname. Koma a Phillip kusankha chitenje? Munthu wosasiyanitsa chitenje ndi nsalu ya pa thebulo. Pali dzanja la mkazi pamenepa. Ndachiika pansi penipeni pa sutikesi.

Holide yonse yathera mu situdiyo. Kundiphunzitsa kuika mpukutu, pa kampukutu koyesera kaja. Kugwira m'mphepete mokha, mbali yopakidwa iyang'ane kumwamba, kulowetsa mowongoka mpaka makina akoke okha. Ndiye pa kompyuta kusankha dzina la pepala lomwelo limene waika. Ukaika mati n'kuwauza makina kuti ndi gilosi, nkhope imatuluka ngati yakuda ndi mwaye, inki yapita pachabe. Ndalakwitsa kangapo. Osakalipa! Kale ndikangosuntha waya kunali kuyaka moto. Lero ati "Bwerezani, mudzazolowera. Muzitha nokha ine kulibe."

Ine kulibe. Mukupita kuti kodi?

Mtima wanga sukugona. Mwamuna safewa chonchi popanda chifukwa.

Lachisanu, 18 Okutobala

Chipatanso. Ulendo uno abwera ndi mpukutu waukulu wa gilosi pa kabaza, m'chibokosi chachitali. Ndati tayamika, mwina maulendo atha.

Posesa madzulo ndapeza bokosi lina kuseri kwa nsalu yojambulirapo ija ya mathithi. Laling'ono. Mati. Ili sanandiuze. Ndalibwezera momwe linalili, ndi fumbi lake lomwe.

Afika otopa ngati alima dimba. Kugona pa benchi ya makasitomala, nsapato zili kumapazi. Pamkono kapulasitala, ati anadzikanda ndi waya wa pa boda. Waya wake wosankha pokhotera mkono penipeni. Kaya amatenga njira zachidule zanji kumeneko.

Magetsi anazima masana onse. Makina tawafunditsa nsalu, ati fumbi likalowa timabowo ta inki timatseka. Amawasamala kuposa ine.

Lamulungu, 20 Okutobala

Alamu anga a Thandiwe, mlongo wawo wa a Phillip, akudziwa kanthu. Ndikulumbira.

Titatuluka m'tchalitchi anandipatsa moni maso ali pa nsapato zanga. Mayi amene amakuyang'ana mpaka m'mimba. Kenako awiriwo kuseri kwa nyumba ya abusa, nong'onong'o. Nditayandikira nkhani yasanduka ya mbewu ya mtedza. A Thandiwe maso ofiira, ati chimfine. Pondisiya anandigwira dzanja nthawi yaitali, ati "Mlamu, limbani mtima ndi makinawo, muwaphunzire ndithu."

Akundimvera chisoni. Ndiye kuti kwawo nkhani inafika kale, mwina mkaziyo anakamuonetsa kale. Ine ndekha wotsala m'chimbulimbuli, ndikuwaphikira tiyi.

Ndikanakhala wina ndikanapita kwa asing'anga a ku Kapiri. Ine ayi. Maso ndili nawo.

Lachinayi, 24 Okutobala

Kasitomala woyamba wa chachikulu. A Innocent, tcheyamani wa komiti ya ukwati wa Rozi, mwana wa a sitolo ya zitsulo. Ukwati pa 2 Novembala. Akufuna chithunzi cha akwati choimika pakhomo la holo, chachitali ngati munthu. A Phillip anandikankhira ine kutsogolo, ati amayiwa ndiwo akudziwa za mapepala. Ndawaonetsa tizidutswa tija. Asankha gilosi osaganiza kawiri, ndinanena ine.

M'dengu la zinyalala ndapeza zodulidwa. Phewa la suti ya buluu. Khutu. Theka la tayi. Zina pa gilosi, zina pa satini, zina pa mati. Akutsuka zithunzi za iwo eni! Inki yodula chonchi, amene amandiwerengera madontho ndikamaphunzira. Anadzijambula liti? Tsitsi lometa bwino, kumwetulira kwa pa chikondi kuja. Ine kumwetulira kumeneko ndinakuona komaliza Mwayi ali kumbuyo.

Chithunzi chachikulu cha mwamuna yekha, chopita kuti? Pakhoma la munthu. Kutsidya kwa boda.

Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a Mwayi. Mvula ili pafupi.

Lolemba, 28 Okutobala

Ndagwira!

Anapita kuseri, foni anasiya pa kauntala. Nambala ya ku Zambia. Dzina analemba Jane Pepala. Pepala! Ndayankha. Mawu a mkazi, ofewa, Chinyanja chawo chija: "Ba Phillip balipo? Mubauze Friday m'mawa-mawa basachedwe, babwere osadya kanthu." Ndafunsa kuti ndinu ndani. Ati iwo akudziwa, sangauze munthu wina. N'kudula.

Munthu wina. Ine Stelia, zaka zonsezi m'nyumba muno, munthu wina.

Osadya kanthu. Inde, kuti akadye bwino za kumeneko. Ndiye nkhwani wanga azingoutola ngati nkhuku yodwala chitopa.

Sindinawauze kuti kunabwera foni. Aziona okha. Ndalira m'bafa, madzi ndikuthira pansi kuti asamve. Ndimawakonda, ndiye chopweteka chake. Chitsiru ine.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Masana dzuwa lili paliwombo, atulutsa mipando itatu ya pulasitiki panja. Pa mpando uliwonse chithunzi chawo, nkhope yomweyo, mapepala osiyana. Ndiye kubwerera chambuyo mpaka pa msewu, kuima, kupendeketsa mutu, kusunthira uku, kusunthira uko. Akabaza kuseka, ati abwana akufuna kuima nawo pa chisankho.

Kundiitana. Ati "Amayi a Mwayi, pa atatuwa ndikuoneka bwino pati? Muimire patali, ngati muli m'gulu la anthu." Pa gilosi panali dzuwa lokhalokha. Pa satini kuwala pang'ono pachipumi. Pa mati ndi iwo enieni, maso ndi kachipsera ka pachibwano komwe, ngakhale suti inaoneka yotuwirako. Ndinaona zonsezo. Koma ndinati, kafunseni a Jane, ndi amene akachipachike.

Nkhope inagwa. Anakhala pa mpando umodzi, chithunzi chili pamiyendo. Ati "Takhalani pansi ndikuuzeni, ndachedwa nazo kale." Ndati ayi. Nkhani yafika apa si ya awiri. Tinalowa m'banja ndi ankhoswe, zimene muli nazo mukanene pamaso pa ankhoswe, ine za kuchipinda zonyengererana sindimva. Ati si nkhani ya ankhoswe. Ndati kwa inu. Anayesanso madzulo, ndinatseka chitseko cha kuchipinda kwa Mwayi n'kutsegula wailesi.

Mawa ndikupita ku Mkanda kwa amalume a Aleck. Iwo ndiwo anandiperekeza, iwo ndiwo adzafunse.

Lachinayi, 31 Okutobala, ku Mkanda

Foni ndazimitsa chichokere. Aimbe mpaka chala chitupe.

Amalume ndawapeza ku nazale ya fodya, akuthirira. Andimvetsera mpaka kumapeto, khasu lili pamwendo. Ndawauza za suti, za sopo, za chitenje, za Jane, za mipando itatu. Funso lawo limodzi lokha, ati "Nanga mwini wake akuti chiyani?" Ndati sindinamupatse mpata wonama. Apukusa mutu. Ati nkhoswe imaitanidwa anthu akalephera kumvana, osati asanayambe n'komwe kuyankhula. Komabe abwera Lamulungu, atuma mawu kwa ankhoswe a kuchimuna.

Azakhali ati ndaonda. Ndione khola la ng'ombe lija lili pululu, mtima kuwawa. Ndinagulitsa za mayi anga kuti mwamuna azitsukira nkhope yake yopatsa akazi a ku Zambia.

Mawa ndi Lachisanu lawo lija. Apite. Akadye.

Loweruka, 2 Novembala

Sindikudziwa poyambira.

Ndinakumbuka za ukwati wa Rozi, ndinadzukira pa kabaza. Situdiyo yotseka. Kiyi anasiya kwa mayi wogulitsa mandasi. A Innocent ali pakhonde ndi tayi, thukuta kamukamu, ukwati ndi lero, chithunzi palibe. Ati akhala akuimba mafoni onse awiri osayankhidwa.

Ndinavundukula makina ndekha. M'mphepete mokha. Mbali yopakidwa kumwamba. Kuwongola mpaka akoke. Pa kompyuta gilosi. Chinatuluka pang'onopang'ono, Rozi ndi velo lake, mano oyera, chokongola mpaka a Innocent kuomba m'manja. Ndinawauza asachigwire pamaso, asachipinde, chiume kaye. Anapita.

Potseka ndinaona ntchito yomaliza imene a Phillip anasiya pa kompyuta. Ndati ndione nkhope ya a Jane ija. Ndinatsegula.

Ndi chija cha suti ya buluu. Koma chathunthu, chosadula. Pansi pake pali malemba oyera. Dzina lawo lonse. Tsiku lobadwa. Kamzere. Kutsogolo kwa kamzereko palibe kanthu, malo ongosiyidwa.

Chithunzi chotere ndachionapo kangati? Chimakhala pa bokosi. Chimayenda kutsogolo.

Mipando itatu padzuwa. Muimire patali, ngati muli m'gulu la anthu. A Dickson opanda nkhope. Mayo ine, mayo!

Ndinayatsa foni. Mauthenga a a Thandiwe mbwee. Ndinaimba. A Phillip ali ku chipatala cha mishoni kutsidya, a Thandiwe ndiwo akuwadikirira. Chotupa m'mimba, anachipeza mu Ogasiti. Opaleshoni inali dzulo. Jane ndi nesi wa ku wodi. Adokotala anawauziratu kuti pa matenda amenewa ena amadzuka, ena ayi. A Thandiwe akulira, ati "Mlamu, ndinawauza achimwene kuti akuuzeni, anandilumbiritsa."

Lamulungu, 3 Novembala

Ndadumpha boda ndi chiphaso cha tsiku. Ndavala chitenje chachikasu chija. Anasankha okha, a Thandiwe atero, anazungulira msika wonse akupumira m'njira.

Fungo la m'kholido ndi la sopo uja.

Ali ndi mapaipi m'mphuno ndi pamkono. Ang'onoang'ono pabedipo, ngati si amene ankasenza jenereta. Anatsegula maso pang'ono. Ndinagwada pambali. Ndinati bwanji osandiuza. Ati ndikanadziwa mu Ogasiti ndikanakana za makina, ng'ombe zikanathera m'zipatala, ine ndi Mwayi n'kutsala manja lende. Ati ku chipatala cha pa boma ukangotsokomola depoti yonse yamva. Zoona zake, ndikanakana. Ndikanagulitsa ndi nyumba yomwe.

Ndinati ndinakuganizirani zoipa. Anayesa kuseka, bala linawaletsa. Ati "Ndi mimba imeneyi, Jane akanandifuna?"

Kenako funso lawo, ati chithunzi cha Rozi chinatuluka? Ndati chinatuluka, chopanda mzere ngakhale umodzi. Anatseka maso, misozi kutsikira m'makutu. Ati "Ndiye mwatha. Nanga pa atatu aja, simunandiyankhe."

Sisitala Jane anabwera kudzasintha diripi. Mayi wamkulu, wa imvi, magalasi a chingwe. Ndinalephera kumuyang'ana.

Amalume anafika ku nyumba ndi ankhoswe anzawo n'kupeza loko. Ndawaimbira. Anangoti mphuno salota, mwana wanga, khala pafupi ndi mwamuna wako.

Lachiwiri, 5 Novembala

A Phillip thupi latentha kuyambira dzulo. Adokotala sakunena zambiri, ati tidikire masiku awiri atatu. A Thandiwe andituma kuno ndidzatenge zovala ndi bulangete, ndibwerera masana ano. Mwayi sitinamuuze. Ndikamuuza ndekha, maso ndi maso, zobisa zakwana m'banja muno.

Ndalowa mu situdiyo. Mvula yoyamba yawaza m'mawa, fungo la dothi mpaka mkati. Ndatulutsa bokosi lija kuseri kwa nsalu ya mathithi. Pachivundikiro palibe chilichonse, sanalembepo kanthu. Anangodulako kachidutswa koyesera kaja, kwinako kuli kudikira.

Yankho ndi mati, bambo a Mwayi. Pamenepo ndi pamene mukuoneka inuyo, ngakhale padzuwa la Okutobala, ngakhale kwa munthu woima kumbuyo kwenikweni. Munasankha bwino. Ndikakuuzani lero lomwe, mumve ndi makutu anu.

Koma kuika mpukutu umenewu m'makina ine sindidziwa. Za gilosi ndinagwira, za mati ndaiwala. Mbali yake iti, dzina lake liti pa kompyuta, zonse zandithawa. Ndalibwezera kuseri kwa nsalu, ndatsamiritsapo jenereta.

Muchite kubwera nokha mudzandionetsenso.